Chipewa cha Mawaya cha Mlongo Wanga

1

Dzina langa ndine Edness, koma mukafika ku Mpanshya n'kufunsa dzina limeneli, anthu adzangokuyang'anani. Mufunse kuti, “Ali kuti amayi aja oseketsa anthu pamaliro?” Pamenepo ngakhale wogulitsa makala adzakulozerani. Ndine amene ndinaika chule m'chikwama cha akazi a akatekisiti tsiku la ubatizo. Ndinabadwa choncho. Koma nkhani ya lero sindiseka nayo. Ndikaikumbukira thupi limachita tsemwe ngati ndaponda chonyansa cha galu ndilibe nsapato.

Ife tinachokera ku Katete kalekale, Rufunsa isanakhale boma payokha. Mlongo wanga Langson, mwana amene ndinamubereka kumsana ine, anapeza munda m'mbali mwa msewu waukulu ndipo anali mlimi wa chimanga womveka. Kenako dzanja lake lamanja linayamba kunjenjemera. Mwendo unatsatira. Mawu anachepa mpaka kukhala ngati a munthu wolankhulira m'bulangete. Kuchipatala anati ndi matenda a Pakinsoni, namupatsa mapiritsi. Poyamba anathandiza, koma pofika chaka chachisanu ndi chitatu ankagwira ola limodzi n'kumusiya.

Mwamuna wanga Yoram anamwalira mu Meyi. Titameta maliro, abale ake anandiuza mwaulemu wonse kuti nyumba ija ikufunika. Ndinamanga duku langa lakuda, kamtolo kanga pamutu, ulendo kwa Langson.

Mkazi wake, Lister, anandilandira ndi manja awiri, ndipo sindinachedwe kudziwa chifukwa chake.

“Alamu, mwabwera bwino,” anatero akundilozera beseni kuseri kwa bafa. “Ine mtima wanga ndi wofooka. Dovu la mlongo wanu likayamba kutsika, chakudya chimabwerera.”

Mwamuna wake anali atamupatulira kapu yake, mbale yake, ndi mpando wake kukhonde la kuseri kumene alendo sapita. Ine ndinapinda chitenje n'kuyamba kuchapa.

“Inu ndiye muli ndi mwayi, simunyansidwa,” anatero Lister ataima patali, mphuno ataphimba.

“Mphuno zanga zinapuma pantchito kale, alamu. Zaka zitatu tsopano sindimva fungo lililonse. Ngakhale inu mutawola, ine ndingakupsompsoneni.”

Sanaseke.

2

Langson ali ndi mwana mmodzi wamkazi, Thokozile, amene amagwira ntchito ku maofesi a boma ku Rufunsa. Mtsikana ameneyo anagogoda zitseko zonse za ku Lusaka chifukwa cha atate ake. Loweruka lina mu Juni anatsika minibasi atakumbatira kabokosi ngati khanda.

“Ba anti, atate, amayi, bwerani mumve! Atate alowa pamndandanda!”

Anaimika foni pampando, ndipo mufonimo munatuluka nkhope ya dokotala wa ku Lusaka, a Mutale, mwamuna wa magalasi wolankhula pang'onopang'ono. Anati kunja kuli madokotala amene amaboola kabowo m'mutu, n'kulowetsa kawaya kowonda mpaka pakati pa ubongo, n'kuika kabatire pachifuwa. Kamagetsi kakang'ono kakamafika pamalo oyenera, kunjenjemera kumaleka. Chaka chimenecho anafuna kutenga anthu anayi okha a m'Zambia, kwaulere.

“Nanga akaboola polakwika?” ndinafunsa ine. “Aja okumba mjigo kusukulu anaboola katatu, madzi osawapeza.”

Dokotala anaseka. “Funso labwino, amayi. Malo amene timafuna ndi ochepa ngati njere ya mpunga. Ndiye pali kompyuta imene inaphunzitsidwa pomvetsera ubongo wa odwala masauzande. Ubongo umalankhula ndi timagetsi, ndipo ubongo wodwala umalankhula mosiyana ndi wabwino. Tsiku la opaleshoni, kawaya kakamatsika, kompyuta imamvetsera n'kuuza dokotala kuti apa ayi, pitirirani, apa ndi pomwepo. Koma iyenera kuyamba yaudziwa ubongo wa a Langson. Ndiyonso imatithandiza kusankha amene afunika opaleshoni msanga.”

M'kabokosi muja munali chipewa cha mphira chodzaza mawaya, botolo la mafuta oterera ngati therere, ndi kamakina ka batani limodzi. Thokozile anandiphunzitsa ine, popeza Lister anali atanena kale kuti mutu wa mwamuna wake saukhudza.

“Ola limodzi m'mawa uliwonse, asanamwe mapiritsi, masiku khumi. Mupake mafuta, muwaveke chipewa, mudinize apa. Kanyale kobiriwira kakazima ndiye kuti mwatha. Koma choyamba muwamete mpala, ba anti. Tsitsi likakhalapo makina samva bwino.”

“Zimenezo zokha? Ine ndinkameta nkhumba.”

“Ba anti, chonde. Pano pokha musasewere.”

“Ine? Kusewera?” ndinatero nditagwira pamtima.

3

Lolemba m'mawa ndinalowa m'chipinda cha Langson ndi lumo latsopano. Ataliona anakoka chisoti chake cha ubweya mpaka m'makutu.

“Alongo, wamwalira ndani?”

“Palibe. Vula chisoti.”

“Kwathu munthu ameta mpala pakagwa maliro. Mufuna kundimetera maliro anga ndili moyo?”

“Iwe Langi, ndi adokotala anena.”

“Adokotala kwawo ndi kwina. Alamu anga a Yoram sanathe mwezi m'manda. Ndikameta lero ndiitana wina. Mwina ndine, mwina ndi Thoko.” Chibwano chinkanjenjemera, koma maso anali ouma ngati a mbuzi yokana kuwoloka mlatho. “Lumo limenelo silifika pamutu panga.”

Ndinamunyengerera. Ndinamuopseza. Ndinamukumbutsa kuti ndinkamupukuta kumbuyo ali mwana ndipo ndikumupukutanso lero. Ayi ndithu. Ndinasuzumira panja, Lister ali kumsewu ndi tomato wake. Ndinatseka chitseko.

Patapita ola limodzi kanyale kobiriwira kanazima.

Zimene ndingakuuzeni pakadali pano ndi izi: m'mawa umenewo mlongo wanga anaseka mpaka misozi, kuseka kwake koyamba m'zaka ziwiri. Anasekanso Lachiwiri, Lachitatu, mpaka masiku khumi anakwana. Ine ndinadziona ngati sing'anga. Kabokosi ndinakapereka ndekha ku ofesi ya Thokozile, ndipo iye anandigulira fanta ndi mabanzi awiri.

“Sanavute atate?”

“Mwana wabwino ngati ameneyo? Ankachita kupempha yekha.”

Ndinamwa fanta ija yonse. Ndikaikumbuka lero imandibwerera kukhosi.

4

Yankho linabwera patatha milungu inayi. Thokozile anafika pakati pa sabata, zimene sankachita, nkhope ili gwa. Anaimikanso foni pampando uja.

“Ndili ndi nkhani yovuta,” anatero a Mutale. “Kompyuta yamvetsera masiku khumi onse. Ikuti ubongo uwu uli ndi matenda, inde, koma akungoyamba kumene. Munthu wotere amayenda bwino, amalima, amadzidyetsa yekha. Anzathu akunja awachotsa pamndandanda. Malo awo apatsa mayi wina wa ku Kabwe.”

“Koma ba dokotala, munawaona ndi maso anu!” analira Thokozile.

“Ndinawaona, ndipo inenso zandidabwitsa. Sindikunena kuti akunama. Ndidzawayezanso ndekha mu Okutobala. Koma mndandanda wa chaka chino watsekedwa.”

Foni inazima. Mwa mawu onse aja Lister anatola amodzi okha.

“Amalima,” anatero motsitsa. Kenako anaimirira. “Amalima! Amadzidyetsa yekha! Zaka zisanu ndi zitatu ine ndikupsa ndi dzuwa kumsewu, bambo ali pakhonde kuchita sewero! Munthu angandinamize, makina anganame bwanji? Ali ndi chibale ndi ndani makina?”

Langson anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana nkhuku imene inkadutsa pabwalo.

5

Mawa lake Lister anabisa mapiritsi. Anati munthu wabwinobwino samwa mankhwala. Ndinawapeza m'chitini cha mchere n'kumamupatsa mobisa, koma pakamwa panga sipanatuluke chimene chinafunika kutuluka.

Lachisanu kunali kotentha, kumsewu kutadzaza anthu odikira basi ya ku Chipata. Lister anadzaza beseni ndi chimanga chotong'ola, nalikhazika pamiyendo ya mwamuna wake.

“Nyamukani. Mukalisiye pamsika. Lero Mpanshya yonse ione mlimi wake.”

“Alamu, musatero,” ndinatero ine.

“Inu khalani chete. Mwina munkadyera limodzi.”

Langson anaimirira. Anayenda timasitepe take tating'ono tija, beseni likugwedezeka, chimanga chikudontha m'mbuyo mwake nkhuku zikutola. Anafika m'mphepete mwa msewu wa tala. Pamenepo miyendo inauma monga imachitira, thupi linapitirira lokha, nagwa chafufumimba pamaso pa anthu onse. Anthu atamutembenuza, buluku lake linali litanyowa kutsogolo, ndipo kunyowako kunkakulirakulira.

Kunali zii. Amayi ogulitsa nthochi anayang'ana kumbali. Ndipo ine, Edness, mwana wa mayi mmodzi ndi munthu amene anali gone pafumbiyo, ndinaopa chete ameneyo kuposa tchimo. Pakamwa panatseguka pokha.

“Ee, chaka chino mvula yayambira kwa a Langson! Konzani mbewu, anthuni!”

Anaseka. Msika wonse unaseka, mpaka kondakitala wa minibasi anagwira pamimba. Mlongo wanga anatseka maso.

Ndachita zopusa zambiri pamoyo wanga, koma sindinadzinyansepo ngati masana amenewo. Ndinamukweza panjinga ya munthu wina, ndinamusambitsa kubafa, osatha kumuyang'ana kumaso.

“Langi, ndikanena.”

Anagwira dzanja langa ndi dzanja lake lonjenjemera lija. Ndinachita kuika khutu pakamwa pake.

“Musanene, alongo. Akuthamangitsani. Mulibe kopita.” Anameza malovu movutikira. “Ndipo mukapita, andisambitsa ndani?”

Ndinakhala chete tsiku linanso. Ndinadziuza kuti ndikumvera mlongo wanga. Bodza. Ndinkaopa kamtolo kanga ndi msewu.

6

Loweruka Thokozile anabwera. Nkhani ya kumsika inali itamupeza kale ku ofesi. Sanakhale pansi, chikwama sanatule. Anaima kutsogolo kwa atate ake pakhonde la kuseri.

“Atate, ine ndinagwada m'maofesi a anthu. Ndinalira pamaso pa mabwana anga kupempha masiku a tchuthi. Ndiuzeni zoona. Ngati ndi ulesi, ngati munatopa ndi munda, nenani. Ndikufuna ndidziwe chabe kuti ndinkalirira ndani.”

Langson anatsegula pakamwa. Dovu linatsika pachibwano. Kwa nthawi yoyamba ndinaona mwana uja akukwinya nkhope monga amachitira amayi ake, nabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

Phazi limodzi limenelo ndi limene linandithyola.

“Thoko, siya atate ako. Yang'ana kuno.”

Ndinamasula duku langa lakuda. Tsitsi linali litamera pang'ono, koma mafuta aja sanagwirizane ndi khungu langa. Mutu wonse unali ndi zipsera zozungulira ngati makobidi, m'mizere, paliponse pamene panakhala waya.

Thokozile anayang'ana mutu wanga nthawi yaitali. Kenako anapita kwa atate ake, nawavula chisoti cha ubweya. Imvi zawo zinali zonse, zazitali, zosakhudzidwa ndi lumo chiyambire Khirisimasi.

“Anakana kumeta,” ndinatero. “Ine ndinali wometa kale, wa maliro a amalume ako a Yoram. Ndinati ndingoyesa chipewa kuti aone kuti sichiluma. Anaseka, Thoko. Unayamba wawamva atate ako akuseka chaka chino? Ndiye ndinadiniza batani. Ndinaganiza kuti magazi ndi amodzi, mimba imodzi, bere limodzi, ubongo ungasiyane pati? Ndinkakhala pamphasa n'kumanjenjemera dala, kumuyerekeza iyeyo, kuti makina amve bwino. Masiku khumi onse.”

“Munkanjenjemera dala,” anabwereza Thokozile. Mawu ake analibe moyo.

“Mfiti!” anakuwa Lister, amene ankamvetsera ali pakhomo. “Mwandichititsa manyazi pamsika, mfiti yachabechabe!”

“Manyazi ndi anga, alamu, sindikana. Koma inu mumagona nyumba imodzi ndi bambo awa. Mwezi wathunthu simunaone kuti mwamuna wanu sanamete?”

Sindikunena kuti ndinapambana. Tinali akazi awiri onyansa pakhonde limodzi, wina wosayang'ana mwamuna wake, wina woseka mlongo wake pamsika.

Thokozile anagwada, natenga mpango wake wa kuntchito, napukuta chibwano cha atate ake. Ine sanandiyang'anenso.

7

Lolemba Thokozile anandikhazika kutsogolo kwa foni kuti ndinene ndekha. Ndinafotokoza zonse. A Mutale anavula magalasi, natikita maso.

“Amayi, mukudziwa chimene chikanachitika akanawatenga? Kompyuta ikanalowa m'chipinda cha opaleshoni itaphunzira mutu wa munthu wina. Mwina tikanazindikira, mwina ayi. Kawaya kakaphonya pang'ono chabe, munthu atha kutuluka osalankhulanso.”

Ndinati pepani. Liwu limenelo linamveka laling'ono ngati kutsokomola m'tchalitchi.

“Kunjenjemera kwanu kwadala sikunanamize makina,” anapitiriza. “Iwo samvetsera manja, amamvetsera m'kati.” Anavalanso magalasi, nandiyang'ana mwa mtundu wina. “Muli ndi zaka zingati, amayi?”

“Makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri, ngati amayi sananame.”

“Fungo mumamva bwino?”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za mphuno zopuma pantchito. Nthabwala ija inakanirira pakhosi.

“Ikani manja pamaondo. Musawagwire. Werengani chobwerera kuyambira makumi awiri.”

Ndinafika pa khumi ndi zinayi. Chala chachikulu cha kumanzere chinayamba kusisita chinzake, chokha, ngati chikupota ulusi. Sindinachitume ine.

“Kompyuta sinalakwe,” anatero dokotala mofatsa. “Inati matenda akungoyamba kumene. Inkanena za mutu umene inapatsidwa. Mu Okutobala mubwere nonse awiri.”

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, Langson anandiitana. Anali atavula chisoti yekha.

“Tengani lumo, alongo.”

“Nanga maliro?”

“Anachitika Lachisanu pamsika. Metani.”

Ndinamumeta. Ndinamucheka pawiri, ndipo sindikudziwa kuti linagwedezeka ndi dzanja la ndani.

8

Langson anadikira miyezi khumi ndi inayi. M'miyezi imeneyo kumeza kunavuta, mawu anatheratu kuchepa. Chaka chotsatira anamutenga. Thokozile akuti anamuboola ali maso, kompyuta ikulira ngati mvula pamalata, ndipo itafika pamalo ake dzanja linangoti zii pamaso pa onse. Lero amamwa tiyi yekha, kapu yodzaza, osataya. Amayenda mpaka kumunda. Koma mawu sanabwerere, ndipo adokotala akuti akanapita chaka choyamba mwina akanapulumutsako ena. Mawu amenewo ndinadya ndine, pamodzi ndi fanta ndi mabanzi awiri.

Lister sanandithamangitse. Akanachapa ndani? Timadutsana pabwalo ngati anthu okumana pabasi. Thokozile amandibweretsera mapiritsi anga mwezi uliwonse, amawaika pawindo, amati, “Mwadzuka bwanji, ba anti,” n'kupita kwa atate ake. Sanandisekerenso nthabwala ngakhale imodzi, ndipo sindimuimba mlandu.

Inu owerenga, makamaka inu anzanga a pakamwa pothamanga, amene anthu amakuitanani kuti mudzawasangalatse: ine ndinkaganiza kuti kuseketsa munthu ndi kumuthandiza. Masiku khumi ndinamupatsa mlongo wanga kuseka, ndipo ndinamulanda chaka. Pamsika paja sindinaseketse anthu kuti ndimuphimbe iye, ndinkadziphimba ndekha. Wodwala akakana chinthu, itanani amene anakutumani, munene kuti wakana. Ndi mawu ochepa, salemera. Ndipo ngati muli ndi wodwala pakhomo, mumuvuleko chisoti nthawi zina, muone chimene chili pansi pake.

Akonzi a magazini amene ndikuwalembera nkhaniyi adzawongola zilembo zanga, ndiye inu simudzaona mmene zakhotera. Tsamba lomalizali ndalemba masiku atatu. Dzulo m'mawa tiyi anandithera pachitenje, kapu ikugunda mano. Langson anadzuka pampando wake, anabwera, nagwira kapu ija ndi dzanja lake lokhazikika, naifikitsa pakamwa panga. Panali pabwino poti munthu aponyepo nthabwala. Iye sanaseke. Anandipukuta chibwano ndi chisoti chake cha ubweya.